Kunja Toyota, m'kati Nissan: kilatchi inandigoneka masiku anayi pa Ntchisi

Amalonda anzanga, makamaka inu amene mukusunga kangachepe kuti mugule kapikapu kanukanu musiye kulira ndi mtengo wa hayala, tcherani khutu ndikuuzeni zimene ndinaziona ine pa Ntchisi m'chaka cha 2024.

Galimoto yanga ndi Toyota Hilux yakale. Ndinaigula kwa mkulu wina wa ku Mponela, ndipo sanandibisire kanthu. Anati injini yake ya petulo inafa kalekale, anaikamo ya dizilo ya Nissan, ija amati TD27, koma giyabokosi ndi yomwe ija ya Toyota. Pakati anazilumikiza ndi chitsulo chosemetsa. Ine nditangomva zoti dizilo, zinazo zinalowera khutu ili n'kutulukira linali.

Tsiku la tsokalo ndinali nditapakira matumba a kachewere ndi madengu a tomato kuchokera m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Ntchisi, ulendo wa kumsika wa Wakawaka ku Lilongwe. Katunduyo, tinene zoona, anaposa muyeso. Pa chitunda china injini inayamba kulira ngati ikuthamanga, chonsecho galimoto ikukwawa. Kenaka fungo la chinthu chopserera. Basi, kilatchi yapita.

Lole ina inandikokera pa boma. Mnyamata wina wokonza galimoto pansi pa mtengo anatsitsa giyabokosi, nati, "Achimwene, thamangani ku Biwi mukagule kilatchi yonse." M'mawa mwake ndinakwera, kudzera pa Mponela, mpaka ku Lilongwe. M'sitolo ndinangoti, "Ndipatseni kilatchi ya Hilux." Anandipatsa bokosi la zinthu zitatu: kilatchi puleti, puresha puleti ndi beringi.

Kufika nazo, puleti inalowa bwinobwino pa shafiti ya giyabokosi. Koma puresha puleti itaikidwa pa fulayiwilo, mabowo a mabawuti anakana kukumana. Mnyamata uja anakanda mutu: "Iiih, ndinaiwala, injiniyi ndi Nissan." Ulendo wachiwiri ndinakagula ya TD27. Iyi puresha puleti inakhala ndendende, koma puleti inakanitsitsa kulowa pa shafiti. Mnyamatayo anatola hamala kuti aikhomere. Apo m'pamene mdala wina amene ankaonerera ali chete, makaniko wopuma, anamugwira dzanja.

"Mwana wanga, ika hamalayo pansi. Tawerenga mano."

Anawerenga mano a pabowo la pakati pa puleti ya Nissan: 24. Pa shafiti ya Toyota: 21. Ukanakhoma mpaka dzuwa kulowa, ukanangopha giyabokosi.

Mdalayo anandikhazika pa tayala n'kundiphunzitsa zimene ndikanayenera kufunsa tsiku logula galimoto. Ati kilatchi ili ngati nkhoswe, imaima pakati pa mabanja awiri. Puresha puleti amaimanga pa fulayiwilo, ndipo fulayiwilo ndi ya injini, choncho iyo imatsata injini. Puleti imapanidwa pakati pa ziwirizi, ndiye kukula kwake kumatsatanso injini, koma mano ake amaluma shafiti, ndiye manowo amatsata giyabokosi. Beringi yokankha ija imatsetsereka pamphuno ya giyabokosi, ndi ya Toyota, komabe iyenera kugunda bwino pa zala za puresha puleti ya Nissan. Dzina lolembedwa kumbuyo kwa galimoto pamenepa lilibe ntchito.

Ndinafunsa ngati sitingangophatikiza: puleti ya bokosi loyamba, puresha puleti ya bokosi lachiwiri. Anatenga tepi. Puleti yoyamba inali mamilimita 225, pamene puresha puleti ya Nissan inapangidwira puleti ya 240. Ati ingayende ndithu, koma malo ogwira achepa, ndipo ndi katundu wanga uja pa zitunda za Dowa ndi Ntchisi ndidzabweranso msanga. Anandituma kukafuna puleti ya mano 21 ya Toyota yokulirapo, ya 236. Atayeza yakale yopsa ija, inali yomweyo. Kutanthauza kuti yankho linali gone pansi pa galimoto masiku onsewa, ife tikungolipondaponda!

Anaonanso zina ziwiri zimene mnyamata uja sanaziganizire n'komwe. Choyamba, kaberingi kakang'ono kamene kamakhala pakati pa fulayiwilo, momwe mumalowa nsonga ya shafiti. Pa galimoto yosinthidwa injini nthawi zambiri kamakhala kochita kusemetsa, ndipo kakatha magiya amavuta kulowa. Chachiwiri, puleti ili ndi kumaso ndi kumbuyo. Ukaitembenuza, masipuling'i ake amakhula mitu ya mabawuti a fulayiwilo. Zonsezi uzione giyabokosi ikadali pansi, poti kuitsitsanso ndi ndalama ina.

Ulendo wachitatu ndinapita ku Biwi ndi thumba la zitsulo zakale paphewa. Sindinatchule Hilux, sindinatchule Nissan. Ndinangoika puleti yopsayo patebulo n'kunena kuti tiwerenge limodzi. Sitolo yachitatu inali nayo.

Za ndalama musandifunse. Mukudziwa nokha mmene sipeya zinakwerera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso eni sitolo salandira bokosi lotsegula, lopakika girizi. Sindikuwada ayi, anandipatsa chimene pakamwa panga panapempha. Tomato ndinamugulitsa motaya pa boma pomwepo asanaole, kachewere ndiye anapirira mpaka ku Wakawaka, koma makasitomala anga ena anali atapeza kale wina.

Lero m'kabati ya kutsogolo kwa galimoto muli kapepala: injini TD27, giyabokosi Toyota, mano 21, puleti 236. Kunyumba pansi pa bedi kuli puresha puleti ya Hilux ndi puleti ya Nissan ya mano 24, zonse zatsopano. Mayi a kunyumba akuti zikafika Khirisimasi zisanagulidwe, akaika pa mafuwa.