Mkanjo wa Mfumu ya Kum'mawa

Akristu anzathu, mwezi wa Disembala kuno ku Nkhamenya, kumpoto kwa Kasungu, suli mwezi wa ndalama. Fodya wa caka catha adagulitsidwa kale, ndalama zace zidathera feteleza, ndipo watsopano akali wamng'ono m'mizere. Koma mwezi womwewo ndiwo wa sewero la kubadwa kwa Ambuye Yezu, ndipo ana safunsa za mtengo wa fodya.

Mwambo umenewu ngwakale ndithu. M'caka ca 1223 Fransisko Woyera wa ku Assisi adakonza modyera ziweto m'phanga la ku Greccio, naikamo udzu, naimikapo ng'ombe ndi buru, kuti anthu aone ndi maso umphawi umene Mpulumutsi adabadwiramo. Masewero a ana athu amaonetsa comweco.

Tsono imvani zimene zidaoneka pakhomo pathu. Kutatsala tsiku limodzi kuti sewero licitike, mnyamata amene akadakhala mmodzi mwa mafumu atatu a kum'mawa adagwidwa malungo, ndipo aphunzitsi adasankha mng'ono wathu m'malo mwace. Iye adafika kwathu akudumpha, koma pofika madzulo adakana nsima, nati: «Kodi mfumu ibvala kabudula wazigamba? Ine mawa sindipitako.»

Makina osokera m'mudzi mwathu adali kwa azakhali okha. Koma amai ndi azakhali sadali kulankhulana ciyambire nthawi yopanga mizere, cifukwa ca malire a munda. Agogo adangoti: «Cibale ndi pfupa, siciola.» Amai adakhala cete nthawi yaitali, kenaka adapfunda nsaru naturuka mumvula. Pofika adati: «Odi, alamu! Sindidadzere za munda ai. Ndadzera mwana wanu.» Azakhali sadayankhe kanthu, koma adapota nkhata nasenza makina.

Atate adaturutsa ciguduli catsopano cimene adasungira kudindira fodya. Azakhali adacipinda pawiri, naboola polowa mutu, nasoka m'mbali kusiya potulukira mikono. Popeza ciguduli cimayabwa, adaika thumba la ufa locapa m'kati mwace. Ndipo popeza ulusi wace umasosoka msanga, adapinda m'mphepete monse kawiri. Amai adang'amba citenje cao cofiira kuti cikhale lamba. Ife tidadula cisoti ca ufumu pa katoni, ndipo agogo adapesa khonje la ndebvu, nalidetsa ndi makala.

Pakati pa usiku singano ya makina idathyoka, ndipo ina padalibe. Pamenepo amai adatenga singano ya manja nayamba mbali yino, azakhali nayamba mbali inayo, koloboyi ali pakati pao. Poyamba adangouzana za ulusi. Pambuyo pace tidawamva akuseka za masiku a utsikana wao. Tambala woyamba polira, singano ziwirizo zidakomana.

M'mawa mwace mng'ono wathu adalowa m'calici monga mfumu, atanyamula lubani wace m'cikho. Pogwada pamaso pa Mwana, ndebvu zidagwa pansi, ndipo anthu onse adaseka. Iye adazitola bwino lomwe, nazipereka pamodzi ndi mphatso yace. Amai ndi azakhali adaonera atakhala pa mkeka umodzi. Za malire a munda zidakambidwa Krisimasi itapita, popanda kukweza mau, ndipo adabzala cinangwa pamalirepo.

Inu amai ndi atate, mwana wanu akapatsidwa mbali m'sewero caka cino, musamuletse cifukwa cakuti mulibe ndalama ya telala. Funani ciguduli, katoni ndi khonje. Ndipo ngati singano ili kwa mbale amene simumpatsa moni, pitani kaiombereni m'manja usiku womwewo. Mkanjo uja tidausula pambuyo pace, ndipo ciguduli cace cidapita ku msika ndi fodya wathu.