GERTRUDE KAMKWATIRA: WOSEŴERA AMENE ANASANDUKA MLEMBI

Du Chisiza Jr. atamwalira m'chaka cha 1999, gulu la zisudzo la Wakhumbata Ensemble Theatre linatsala ngati nyumba yothyoka mzati. Iwo ndiwo analiyambitsa mu 1987, ndiwo ankalemba maseŵero ake ambiri, ndiponso dzina lawo ndilo linkasonkhanitsa anthu ku French Cultural Centre mumzinda wa Blantyre. Udindo wotsogolera gululo unagwera mayi wina mwa oseŵera ake, Gertrude Kamkwatira.

Zisudzo za m'Malaŵi muno zimayenda ndi phwete. Anthu akalipira pakhomo amafuna kuseka, ndipo Izeki ndi Jakobo, amene maina awo enieni anali John Nyanga ndi Eric Mabedi, anaŵazoloŵeza kuseka mpaka nthiti kuŵaŵa. Koma pa bwalo lotere mkazi kaŵirikaŵiri ankapatsidwa mbali ya mkazi wolongolola kapena ya mtsikana wopusitsidwa, nalankhula mau omuikira amuna m'kamwa. Woseŵera, ngakhale aluse chotani, amanena zimene wina wakonza. Wolemba ndiye amasankha woti asekedwe ndi woti amveredwe chisoni.

Mayi Kamkwatira anasankha cholembera. Patapita nthaŵi anachoka ku Wakhumbata nayambitsa gulu lawolawo lotchedwa Wanna-Do, ndipo analemba maseŵero oposa khumi. Mu It's My Fault anakamba za nkhanza za m'banja ndi kuponderezedwa kwa akazi, nkhani imene ankhoswe ambiri amaithetsa ndi mau akuti banja ndi kupirira. Breaking the News inali ya Edzi, pa zaka zimene maliro anali tsiku ndi tsiku koma dzina la nthendayo silinkatchulidwa pamanda. Panalinso Jesus' Retrial, seŵero limene mutu wake wokha ukanatha kuŵadzidzimutsa akuluampingo. Kuika zoterezi pamaso pa anthu amene abwera kudzasangalala Loŵeruka masana kumafuna mtima wolimba, pakuti holo ikakhala yopanda anthu, oseŵera amabwerera kwawo wapansi.

Pali chinthu chimodzi chodandaulitsa. Maseŵeroŵa analembedwa m'Chingerezi, monga momwe Du Chisiza ankachitira, ndipo anthu ake anali a m'tauni ndi ana a sukulu za sekondale. Mayi wa ku Matandani, kumapiri a Neno kumene msewu umavuta mvula ikagwa, ankatha kumva nthabwala za Chicheŵa pa wailesi ali pamtondo, koma seŵero lonena za kumenyedwa kwa akazi onga iye linkachitikira kutali, m'chinenero chimene mwina sanachiphunzire. Limeneli silinali vuto la mlembi mmodzi yekha; linali la zisudzo zonse za Chingerezi za nthaŵi imeneyo.

Anzawo a luso anazindikira nzeru zawo. Anaŵasankha kukhala mtsogoleri wa National Theatre Association of Malawi, ndipo anakhalanso wapampando wa bungwe la COSOMA, limene limateteza umwini wa zolemba ndi nyimbo, nkhani yofunika kwa munthu aliyense wodya za cholembera. Anamwalira m'chaka cha 2006, ali ndi zaka pafupifupi 40, patangopita zaka zisanu ndi ziŵiri chimwalirire Du Chisiza.