Masipika akale: m'kati mwake muli chiyani, ndipo angatithandize pati?

M'nyumba zambiri kuno ku Thyolo, kumaesiteti a tiyi ndi m'midzi yozungulira, mumapezeka mabokosi awiri a matabwa okhala ndi nsalu yakuda kumaso. Ena anabwera ndi agogo athu pochokera ku Joni m'nthawi ya Wenela ndi Theba, ena anagulidwa m'masitolo a katundu wogwiritsidwapo kale ntchito ku Limbe. Lero ambiri angosanduka poikapo nyali kapena wotchi. Koma sukulu ikafuna zokuzira mawu m'holo, kapena akomiti akamawerengera ndalama za zipangizo za kumzikiti, funso limabwera: kodi masipika akalewa angagwire ntchito, kapena tigule atsopano? Ndalama zake zimachokera m'thumba la makolo ndi m'zopereka, choncho taona kuti ndi bwino tifotokoze zomwe zili m'kati mwa bokosilo, kuti wogula adziwe chomwe akulipira.

Mawu ndi mpweya wogwedezeka

Woimba ng'oma akamenya chikopa, chikopacho chimanjenjemera n'kumakankha mpweya, mpweyawo n'kudzagwedeza kachikopa ka m'khutu mwathu. Sipika imachita chimodzimodzi, kungoti woimenya ndi magetsi. Kuchuluka kwa kunjenjemera pa sekondi imodzi timakuyeza m'ma hertz. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira ma hertz 20, omwe ndi mawu a besi ogunda pachifuwa, kufika ma hertz 20,000, omwe ndi mawu opyapyala kwambiri. Tikamakula, a pamwambawo amayamba kutithawa.

Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Ophunzira a Physics akagawa 343 ndi 50 apeza kuti funde limodzi la besi ya ma hertz 50 ndi lotalika pafupifupi mamita 7, kuyandikira kutalika kwa kalasi. Funde la ma hertz 10,000 silikwana ndi masentimita 4 omwe. Kusiyana kumeneku n'komwe kumachititsa kuti m'bokosi limodzi mukhale masipika aakulu ndi aang'ono.

Ziwalo za sipika

Tikachotsa nsalu ya kumaso timaona chinthu chozungulira chonga mbale yolowa m'kati. Amisiri amachitcha koni, ndipo m'masipika akale ambiri ndi ya pepala lolimba. Kumbuyo kwake anamatako koyilo, kawaya ka kopa kopyapyala ngati tsitsi kokulungidwa pa kachubu. Koyiloyo imalendewera mumpata wopapatiza, wa milimita imodzi kapena ziwiri, m'kati mwa maginito olemera. Magetsi ochokera ku ampulifaya akadutsa m'koyilo, iyo imasanduka maginito osinthasintha, n'kumakankhidwa ndi kukokedwa ndi maginito aakuluwo. Koyilo ikayenda, koni imayenda nayo, mpweya n'kugwedezeka. Kapangidwe kameneka anakafotokoza mu 1925 ndi Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric ku America, ndipo mpaka lero sipika ya mufoni ndi ya pamsonkhano wa ndale zimatsata njira yomweyo.

Pali zinthu ziwiri zogwirizira koni kuti isapendeke. M'mphepete mwake muli mkombero wofewa wa nsalu, labala kapena siponji, ndipo pafupi ndi koyilo pali kansalu kachikasu kamizeremizere. Ziwirizi zikafooka, koyilo imakhula maginito ndipo mawu amatuluka osasa.

Koni yaikulu imakankha mpweya wambiri, motero imatulutsa besi, koma ndi yolemera moti singanjenjemere maulendo 15,000 pa sekondi. N'chifukwa chake pali woofer, yaikulu ya mawu a pansi, ndi tweeter, yaing'ono ya mawu a pamwamba. Wogawa ntchito pakati pa ziwirizi ndi kabolodi kobisika m'kati kotchedwa crossover. Pamenepo kapasita imalola mawu a pamwamba okha kupita ku tweeter, pomwe koyilo ina yosayenda imalola a pansi kupita ku woofer. M'mabokosi ambiri a masipika awiri malirewo amakhala pakati pa ma hertz 2,000 ndi 3,000. Apa m'pamene opanga zotchipa ankasungira ndalama: ena ankangoika kapasita imodzi basi. Kabolodi kokhala ndi makapasita ndi makoyilo angapo kamasonyeza kuti wopangayo anasamala.

Bokosi si chikuto chabe

Koni ikamakankha mpweya kutsogolo, kumbuyo imakhala ikuukoka. Popanda bokosi, mpweya wa kutsogolo umangozungulira m'mphepete n'kukadzaza kumbuyo, besi n'kuzimirira. Mukhoza kuyesa: sipika yochotsedwa m'bokosi imalira ngati kawailesi ka m'thumba, ngakhale ikhale yaikulu bwanji.

Mabokosi akale alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi wotsekedwa mbali zonse. Mpweya wotsekeredwawo umakhala ngati sipuling'i yobweza koni pamalo pake. Edgar Villchur ndi amene anatchukitsa njirayi mu 1954 kudzera mu kampani yake ya Acoustic Research, ndipo inachititsa kuti bokosi laling'ono lizitulutsa besi yomwe kale inkafuna bokosi lalikulu ngati kabati. Besi yake ndi yaudongo, koma bokosili limafuna ampulifaya yamphamvu, ndipo likangobooka penapake mawu amawonongeka. Wachiwiri uli ndi chibowo cha paipi, njira yomwe Albert Thuras wa ku Bell Laboratories analandirira chiphaso mu 1932. Mpweya wa mupaipimo umalira monga botolo limalirira mukaliuzira pakamwa, n'kuwonjezera besi. Mawu amakula ndi magetsi ochepa, koma ngati kukula kwa paipi sikunawerengedwe bwino, besi imangodudumira pa liwu limodzi n'kuphimba mawu a munthu.

Matabwa nawo ali ndi mbali yawo. Akuluakulu akukumbukira mabokosi a pulayiwudi opyapyala omwe ankapakiramo tiyi mapepala a masiku ano asanabwere. Bokosi lotero mukaligogoda limalira ngati ng'oma, ndipo sipika ikaikidwamo bokosilo limaimba nawo mawu akeake. Bokosi labwino limakhala ndi matabwa ochindikala mamilimita 15 kapena 18, zogwiriziza m'makona, ndi thonje kapena ubweya m'kati womeza mawu obwerera. Mukaligogoda ndi chala limangoti thi, osalira.

Amamveka bwanji?

Makampani a ku Britain monga Wharfedale, yomwe Gilbert Briggs anayambitsa mu 1932, KEF ya mu 1961, Celestion ndi Goodmans ankapanganso masipika a mtengo wofikirika. Ambiri mwa amenewa alibe besi yogwedeza mawindo, koma amatulutsa bwino mawu a pakati, komwe kuli liwu la munthu. Wowerenga nkhani pawailesi amamveka ngati wakhala pampando m'chipinda momwemo. Makampani a ku Japan monga Pioneer, Sansui, Kenwood ndi Technics anapanga zabwino kwambiri ndi zotchipa zomwe. Zotchipazo nthawi zambiri ndi mabokosi aatali okhala ndi masipika atatu kapena anayi koma opepuka mukawanyamula. Amafuula ndi magetsi ochepa, koma pakapita ola khutu limatopa. Kuchuluka kwa masipika pabokosi sikutiuza za ubwino wake. Kulemera ndi kulimba kwa bokosi kumanena zambiri.

Anthu amati masipika akale ali ndi mawu ofunda. Nthawi zina n'zoona ndithu, chifukwa koni ya pepala simawawa m'khutu. Nthawi zina kufundako ndi matenda: makapasita a mu crossover amauma pakapita zaka 20 kapena 30, tweeter n'kumalandira magetsi olakwika, mawu n'kumamveka ngati wina waphimba bokosi ndi bulangete. Kusintha makapasita sikudula, ndipo mmisiri wa mawailesi amatha.

Tisamalenso ndi manambala. Sipika yakale yolembedwa mawati 30 kapena 40 nthawi zambiri imanena zoona. Zida zina zatsopano zimalembedwa 2,000 W PMPO, nambala yomwe ilibe muyezo wovomerezeka. Yang'anani nambala ya RMS.

Adani a sipika kuno kwathu

Mvula ndi chiperoni zomwe zimakondweretsa tiyi ndi zomwezo zimawononga masipika. Mabokosi otchipa ambiri anapangidwa ndi utuchi wopanikizidwa ndi guluu, ndipo akamwa chinyezi amafufuma, makamaka pansi ndi m'makona, osabwereranso. Koni ya pepala imachita chuku n'kufewa. Mkombero wa siponji umafumbwa wokha pakapita zaka 15 kapena 20, ndipo chinyezi chimafulumizitsa. Wa nsalu ndi wa labala umakhalitsa. Chiswe chimalowera pansi, pomwe mphemvu ndi makoswe zimadzera pa chibowo cha paipi. Choncho sipika isakhale pa simenti kapena kutsamira khoma lonyowa. Ikhale pa shelefu kapena pa kampando.

Musanapereke ndalama

1. Nyamulani bokosi, ligogodeni, muone pansi ndi m'makona. Lofufuma lisiyeni.
2. Chotsani nsalu ya kumaso, mukhudze mkombero. Siponji yonyenyeka imasinthika, koma mtengo utsike.
3. Ikani zala mozungulira pakati pa woofer, mukankhe pang'ono. Iyende mwakachetechete. Ikamakhula, koyilo inapsa kapena inapendeka.
4. Gunditsani batire ya tochi ya mavoti 1.5 pa mawaya kwa kanthawi kochepa. Woofer yamoyo imati thu n'kusuntha.
5. Ngati pali mita, yezani. Sipika ya ma ohm 8 imaonetsa pakati pa 5 ndi 7. Ikaonetsa 0 kapena osaonetsa kanthu, pali vuto.
6. Mverani mawu a munthu akulankhula, motsitsa, khutu lili pafupi ndi tweeter iliyonse. Tweeter yakufa ndi vuto lofala kwambiri, ndipo wogulitsa akakweza besi simungaizindikire.

Polumikiza, waya wofiira apite kofiira pa mabokosi onse awiri. Mukatembenuza limodzi, koni ina imakankha pomwe inzake ikukoka, besi n'kutha.

Kalasi, holo ndi denga la mzikiti

Masipika a m'nyumba anapangidwira chipinda chochezera. Ambiri amatulutsa ma decibel 85 mpaka 90 akapatsidwa wati imodzi, poyezera pa mita imodzi, ndipo magetsi ochuluka amangosanduka kutentha m'koyilo. Honi ya chitsulo, monga za TOA ya ku Japan kapena Ahuja ya ku India, imatha kufika ma decibel 105 mpaka 110 ndi wati imodzi yomweyo, chifukwa mlomo wake wonga lipenga umasonkhanitsa mawu n'kuwaloza mbali imodzi, monga timachitira tikaika manja pakamwa poitana munthu kutsidya kwa munda. Kusiyana kwa ma decibel 20 kukutanthauza kuti sipika ya m'nyumba ingafune magetsi ochuluka maulendo 100 kuti ifanane ndi honi, ndipo ingapse isanafikeko. Honi ilibe besi, koma imanyamula liwu la munthu kutali ndipo imapirira mvula. N'chifukwa chake adhana imayenera honi, monga zakhala zikuchitikira kuyambira pomwe Masjid Sultan ya ku Singapore inaika zokuzira mawu mu 1936. Bokosi la matabwa padenga silingathe nyengo imodzi ya mvula.

M'kati mwa mzikiti vuto limakhala lina. Makoma a simenti ndi malata zimabweza mawu, ndipo mukakweza kwambiri khutuba imasokonezeka, maikolofoni n'kuyamba kulira. Masipika ang'onoang'ono angapo otsitsidwa, aliyense pafupi ndi anthu, amamveka bwino kuposa awiri ofuula kutsogolo. Apa masipika akale abwino akhoza kuthandiza, bola tiwerengere. Awiri a ma ohm 8 olumikizidwa pa malo amodzi amapanga ma ohm 4. Anayi amapanga 2, ndipo ampulifaya ya m'nyumba imapsa. Pofuna masipika ambiri kapena waya wautali, pamafunika ampulifaya ya mzere wa mavoti 100, sipika iliyonse ili ndi kathiransifoma kake.

Chinanso chomwe chimapha masipika akale ndi ampulifaya yaing'ono yokwezedwa mpaka kumapeto. Ikalephera, imadula nsonga za mafunde n'kutumiza mphamvu yochuluka ku tweeter, yomwe waya wake ndi wopyapyala zedi. Mawu akangoyamba kusasa, tsitsani. Makutu nawo amawonongeka: phokoso lopitirira ma decibel 85 kwa maola 8 tsiku ndi tsiku limagonthetsa pang'onopang'ono, ndipo kumva kukapita sikubwerera.

Malangizo athu kwa makolo ndi akomiti ndi awa. M'kalasi, mulaibulale ndi m'chipinda chomvera maphunziro ojambulidwa, masipika akale olimba ndi abwino ndipo amapulumutsa ndalama. M'holo yodzaza anthu mukufunika masipika opangidwira misonkhano. Panja ndi padenga pakufunika honi. Amene ali ndi masipika akufa kunyumba asawataye kapena kuwasonkhera moto. Awabweretse ku kalasi ya sayansi. Ngakhale osakonzeka ali ndi maginito, koyilo ndi kapasita zomwe ophunzira a Fomu 3 ndi 4 amangoziona pa zithunzi za m'buku, ndipo wophunzira amene wamasula bokosi limodzi n'kuyeza ziwalo zake ndi mita adzatha kuperekeza akomiti tsiku lokagula.