Kuphika Panja ndi Moto wa Gasi

Ana inu, lero tiphunzira za moto wophikira. Tengani bukuli, mupite nalo kunyumba. Amayi, abambo kapena acimwene awerenge nanu pamodzi. Nkhaniyi ndi ya banja lonse.

Moto umene timaudziwa

Kwathu kuno ku Lifidzi amayi amaphika pa mafuwa. Mafuwa ndi miyala itatu. Pakati pake amasonkhapo nkhuni. Nkhuni zikasowa, amasonkha zitsononkho ndi mapesi. Pamwamba amatereka mphika wa nsima kapena wa nyemba.

Moto umafuna zinthu zitatu, monga mafuwa ali atatu. Coyamba ndi cakudya cake, monga nkhuni kapena makala. Caciwiri ndi mpweya. Cacitatu ndi kutentha kouyambitsa, monga macesi kapena khala lamoto. Mukacotsa fuwa limodzi, mphika umagwa. Mukacotsa cimodzi mwa zitatuzi, moto umazima. N'cifukwa cake agogo amauzira moto kuti uyake. Amaupatsa mpweya. Akafuna kuuzima, amaukwirira ndi dothi, ndipo mpweya sufikanso.

Moto wa nkhuni watilera tonsefe. Koma uli ndi mabvuto ake. Utsi umalowa m'maso, misozi n'kumatuluka. Umalowanso m'cifuwa ca amayi ndi ca khanda limene lili kumbuyo. Nkhuni nazo zikusowa. Funsani agogo. Adzakuwuzani kuti kale ankatola nkhuni pafupi ndi mudzi. Lero acemwali anu amayenda mtunda wautali ndi mtolo pamutu.

Pali moto wina umene sufuna nkhuni. Umenewu ndi moto wa gasi.

Gasi ndi ciyani?

Gasi ndi mpweya umene umayaka. Sitingauwone ndi maso. Umacokera pansi pa nthaka, kumene kumacokeranso mafuta a galimoto.

Dziko lathu la Moçambique lili ndi gasi wambiri. Ku Pande ndi ku Temane, m'cigawo ca Inhambane, gasi amatuluka pansi pa nthaka. Mu 2004 anayamba kumutumiza ku South Africa m'paipi yaitali makilomita 865. Mu 2010 anapezanso gasi wambiri pansi pa nyanja ya mcere, ku Cabo Delgado, kufupi ndi mtsinje wa Rovuma. Mu 2022 sitima yoyamba inanyamula gasi wa kumeneko kupita naye kunja.

Paipi ya gasi sifika kuno ku Angónia. Gasi wophikira amabwera pa galimoto, ali m'botolo lalikulu lacitsulo. Botolo limeneli timalicha botija. Mabotija alipo aakulu ndi aang'ono. Ambiri amene timawawona m'masitolo amakhala ndi gasi wolemera makilogalamu 11.

M'botija gasi amamupanikiza kwambiri, mpaka amasanduka ngati madzi. Akatuluka, amasandukanso mpweya. Lita imodzi ya gasi wamadziyo imapereka malita oposa 200 a mpweya woyaka. N'cifukwa cake botija limodzi limaphika masiku ambiri.

Cophikira ca gasi

Ine ndinawona moto wa gasi koyamba ku Ulongwe. Ndinkakhala kwa azakhali anga pamene ndinkaphunzira nchito ya uphunzitsi. Azakhali ankaphikira panja, pakhonde.

Cophikira cawo cinali ndi zigawo zinayi. Panali botija. Pamutu pa botija panali cotsekera, cimene cimatulutsa gasi pang'onopang'ono. Panali paipi ya mphira. Kumapeto kwa paipi kunali mbaula yacitsulo, yokhala ndi timabowo tating'ono mozungulira. Gasi amacoka m'botija, amadutsa m'paipi, amasakanikirana ndi mpweya, n'kutulukira pa timabowo tija. Pamenepo ndi pamene moto umayaka.

Lawi labwino la gasi limawoneka ngati thambo, labuluu. Likakhala lacikasu, ndiye kuti mpweya ukucepa kapena timabowo tatsekeka. Lawi lacikasu limadetsa poto ndi mwaye, ndipo limawononga gasi.

Moto wa gasi umayaka nthawi yomweyo. Sufuna kuuzira. Ulibe phulusa. Mvula ikanyowetsa nkhuni, iwo umayakabe. Ukhoza kuukuza kapena kuucepetsa ndi dzanja limodzi. Phala la m'mawa limapsa mwana asanacedwe ku sukulu.

Kodi tingaphikepo ciyani?

Pa gasi tingaphike nsima, nyemba, kabici, mbatata ndi tiyi. Tingakazinge nyama kapena mazira m'ciwaya. Pophika nsima, amayi agwire poto bwino. Mbaula ya gasi si yolemera ngati mafuwa. Ikakhala popendekeka, poto angagwe pamene akubvundula ndi mthiko.

Nanga kuwocha cimanga? Tsiku lina ndinayika cimanga caciwisi pa lawi la gasi. Kunja cinapserera, m'kati cinali cosapsa. Azakhali anandiseka. Anati, “Mwana wanga, cimanga cimafuna makala. Lawi limangonyambita pamwamba.” Ankanena zowona. Makala amatentha mofatsa, ndipo kutentha kumalowa mpaka m'kati.

Nyama nayo tisayiwochere pa lawi penipeni. Mafuta ake amadontha, amatseka timabowo, ndipo moto umalilima mwadzidzidzi. Pa gasi nyama ikhale m'ciwaya kapena m'poto.

Cifukwa ciyani tiphikire panja?

Panja pali mpweya wambiri. Moto umayaka bwino. Gasi akathawa m'paipi, mphepo imamubalalitsa. M'nyumba yotseka gasi amadzadza, ndipo kamoto kakang'ono kangayatse nyumba yonse.

Koma panja palinso mphepo. Kuno kwathu mphepo ya Juni ndi Julayi imawomba mwamphamvu. Imakankhira lawi kumbali, ndipo poto amacedwa kuwira. Nthawi zina imazimitsa moto, gasi n'kumatulukabe. Conco abambo ayimike njerwa mbali imene mphepo ikucokera. Njerwazo zichinge mbaula yokha. Botija likhale poyera, potalikira moto.

Pali cinthu cina cofunika kwambiri. Pophika cakudya ca anthu ambiri, pa ukwati kapena pa maliro, anthu ena amakumba kadzenje n'kusonkhamo nkhuni. Ndi gasi tisacite zimenezo. Gasi wa m'botija ndi wolemera kuposa mpweya umene timapuma. Akathawa, sakwera kumwamba ngati utsi. Amatsika pansi, n'kukhazikika m'dzenje monga amacitira madzi a mvula. Munthu akayatsa macesi pamenepo, moto umaphulika. Mbaula ya gasi ikhale pamalo osalala, opita mphepo.

Mphuno ndiye mlonda

Utsi wa nkhuni timauwona. Gasi sitimuwona. Paokha gasi alibenso fungo. Conco amene amamuthira m'mabotija amawonjezamo mankhwala onunkha. Fungo lake limakhala ngati la dzira lowola kapena la kabici wowola. Anacita dala kuti mphuno itichinjirize.

M'mawa wina ndinadzuka kuti nditereke tiyi. Macesi anali kale m'manja. Azakhali anatuluka m'nyumba, nanunkhiza. Anafuwula kuti, “Iwe, usayatse! Sukumva fungo?” Anathamanga natseka botija. Tinadikira kuti mphepo ipite. Kenaka anasungunula sopo m'madzi, napaka thobvu pa paipi yonse. Atatsegula pang'ono, tinawona thobvu likufufuma pamalo amodzi. Paipi inali itang'ambika. Tsiku limenelo tinaphika pa makala, mpaka anagula paipi yatsopano. Ndikanayatsa macesi aja, bwenzi nditapsa manja ndi nkhope.

Malamulo a ana

Ana inu, sungani malamulo awa.

1. Mwana sayatsa gasi. Imeneyi ndi nchito ya akuluakulu.
2. Osasewera ndi botija. Osakhalapo. Osaligubuduza.
3. Osakoka paipi, osayipondanso.
4. Osathamanga kapena kusewera mpira pafupi ndi pophikira.
5. Mng'ono wako akamakwawira ku moto, mnyamule, upite naye kutali.
6. Ukamva fungo la gasi, coka pamalopo. Itana amayi kapena abambo msanga.
7. Cobvala cako cikagwira moto, usathamange. Gona pansi, ugubuduke, ufuwule.

Lawi la gasi siliwoneka bwino masana padzuwa. Ukhoza kuganiza kuti moto wazima, pamene ukuyaka. Mbaula nayo imatenthabe moto utazima. Osayigwira.

Mawu kwa makolo

Amayi ndi abambo, ndi inu amene mumayatsa moto. Taonani zofunika kucita.

Botija liyime ciriri nthawi zonse, pamthunzi. Lisagone cammbali. Lisakhale pafupi ndi mafuwa, mbaula ya makala kapena nyali. Poyatsa, yambani mwayatsa macesi, kenaka mutsegule gasi. Mukatha kuphika, tsekani pa mbaula ndi pa botija pomwe. Moto ukazima ndi mphepo, tsekani kaye, mudikire fungo lithe, kenaka muyatsenso. Pofufuza pamene gasi akuthawira, gwiritsani nchito madzi a sopo. Musafufuze ndi macesi kapena kandulo. Paipi ikang'ambika, musamange ndi mphira wa njinga. Gulani ina. Fungo likamveka m'nyumba, tsegulani zitseko ndi mazenera, tulutsani ana, ndipo musayatse kanthu, ngakhale magetsi.

Mwana akapsa, thirani madzi ozizira, oyera, pa balalo kwa mphindi 20. Musapakepo mafuta, dzira, dothi kapena mankhwala otsukira mano. Musabowole matuza. Phimbani ndi nsalu yoyera, mupite naye ku cipatala.

Kunja kukazizira, ena amalowetsa mbaula ya makala m'cipinda, natseka citseko, nagona. Imeneyi ndi ngozi yaikulu. Makala oyaka m'cipinda cotseka amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo. Munthu amamva mutu ndi cizungulire, amagona tulo, osadzukanso. Moto wa gasi nawo ungacite cimodzimodzi ukasowa mpweya. Mbaula yophikira panja isalowe m'cipinda cogona.

Utsi wa masiku onse nawo umapha, koma pang'onopang'ono. Bungwe lowona za umoyo pa dziko lonse, la OMS, linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anafa ndi matenda obwera ndi utsi wa m'nyumba. Mwa iwo, oposa 237,000 anali ana osakwana zaka 5. Cibayo ndi amodzi mwa matenda amenewa. Conco pophika, khanda likhale kutali ndi utsi.

Kusunga moto

Gasi amafuna ndalama. Botija loyamba ndi lodula, ndipo likatha muyenera kupita nalo kutawuni kukasinthitsa. Mabanja ambiri kuno adzaphikabe pa nkhuni. Palibe manyazi pamenepo. Nzeru izi zimathandiza pa moto uliwonse.

Ife timakhala kumtunda, mamita oposa 1000 pamwamba pa nyanja ya mcere. Ku Beira, m'mphepete mwa nyanja, madzi amawira akafika madigiri 100. Kuno amawira asanafike pamenepo, pa madigiri pafupifupi 96. N'cifukwa cake nyemba zathu zimacedwa kupsa. Zibviyikeni m'madzi usiku wonse, m'mawa zidzapsa msanga. Bvundikirani poto. Madzi akawira, cepetsani moto. Moto waukulu suwonjezera kutentha kwa madzi owira, umangowawumitsa. Konzani ndiwo zonse musanayatse moto.

Ngati muphika pa nkhuni, sonkhani zowuma, cifukwa zaziwisi zimafuka kwambiri. Phikirani panja kapena m'nyumba yokhala ndi potulukira utsi. Mbaula yowumba ndi dongo imadya nkhuni zocepa kuposa mafuwa. Anzathu a ku Malawi amawumba ina imene amayicha Chitetezo Mbaula. Ndipo mukadula mtengo, bzalani wina mvula ikagwa.

Mawu a Cipwitikizi

moto: fogo
nkhuni: lenha
makala: carvão
utsi: fumo
mpweya: ar
gasi: gás
mbaula ya gasi: fogão a gás

Yankhani mafunso awa

1. Kodi moto umafuna zinthu zingati kuti uyake? Zichuleni.
2. Kodi lawi labwino la gasi limawoneka bwanji?
3. Cifukwa ciyani sitiyika mbaula ya gasi m'dzenje?
4. Ukamva fungo la gasi, ucite ciyani?
5. Ndani amayatsa moto kwanu?

Nchito ya kunyumba

Jambulani pamene amayi amaphikira. Jambulaninso pamene inu mumakhala iwo akamaphika. Funsani agogo kumene ankatola nkhuni ali ana. Mawa mudzatiwuze m'kalasi.