Mphatso kapena ngongole? Mmene dziko la China limapezera abwenzi

Amayi, amene mudafikako ku Lilongwe mudaiona Nyumba ya Malamulo ku City Centre, kapena bwalo la zamasewero la Bingu ku Area 48. A ku Thyolo mukuidziwa sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Ndata, ndipo a kumpoto mudayendapo pa msewu wa phula wochoka ku Karonga kukafika ku Chitipa. Zonsezi zidamangidwa ndi ndalama zochokera ku China, ndipo zonse zidadza chitadutsa chaka cha 2007. Chidachitika n'chiyani chaka chimenecho?

Kuyambira mu 1966, dziko lathu lidali pa ubale wa ukazembe ndi Taiwan, chilumba chimene chimadzilamulira chokha koma boma la ku Beijing limati ndi chigawo chake. A ku Taiwan ndi amene adamanga chipatala chachikulu cha Mzuzu, ndipo madokotala awo ankathandiza kumeneko anthu amene ali ndi kachirombo ka HIV. Mu December 2007, boma la Bingu wa Mutharika lidathetsa ubalewo n'kupalana ubwenzi ndi China. Madokotala a ku Taiwan adalongedza, a ku China adafika, ndipo ntchito zomanga zidayamba.

Apatu ndi pamene pali chinthu choyamba chimene China imafuna kwa bwenzi aliyense: avomereze kuti China ndi imodzi, Taiwan si dziko palokha. Pa nkhani imeneyi palibe kunenerera. Lero mu Africa monse mwatsala dziko la Eswatini lokha limene likadali ndi Taiwan, ndipo ku Ulaya kwatsala likulu la Mpingo wathu, Vatican.

Mwina mukufunsa kuti dziko la anthu opitirira 1.4 biliyoni lingapindule chiyani ndi Malawi. Ku bungwe la United Nations, dziko lililonse lili ndi voti imodzi pa msonkhano waukulu, kaya ndi lolemera kaya ndi losauka, ndipo maiko a mu Africa alipo 54. Atsogoleri a ku Beijing saiwala kuti mu 1971 mavoti a maiko ambiri a mu Africa adawathandiza kutenga mpando umene udali m'manja mwa Taiwan. Nthawi yomweyo n'kuti akumanga njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, kuchoka ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi, maiko a azungu atakana kuthandiza Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere. Idatha mu 1975, China yomwe ili yosauka. Anthu a ku Zambia ndi ku Tanzania amaikumbukirabe nkhaniyi, ndipo akazembe a ku China satopa kuikumbutsa.

Masiku ano ubalewu uli ndi dongosolo lake. Kuyambira mu 2000, pafupifupi zaka zitatu zilizonse atsogoleri a mu Africa amakumana ndi a ku China pa msonkhano wotchedwa FOCAC, kumene kumalengezedwa ndalama ndi ntchito zatsopano. Pali ana athu amene amapita kukaphunzira ku China pa ndalama za boma la kumeneko, pali madokotala amene amabwera m'magulu, palinso mafoni a Itel ndi Tecno amene ambiri a inu muli nawo m'chikwama. Atsogoleri athu amakondanso kuti China sifunsa za chisankho kapena za ufulu wa anthu isanapereke ndalama. Kwa wolamula zimenezi n'zokoma. Kwa wolamulidwa, sizikhala zokoma nthawi zonse.

Koma nkhani imene ikukhudza inu mwachindunji ndi ya ndalamazo. Timakonda kunena kuti “a ku China atimangira”, ngati kuti zonse ndi zaulere. Sizili choncho. Nyumba ya Malamulo, imene idatsegulidwa mu 2010, idali mphatso. Bwalo la Bingu ndi MUST ndi ngongole: chiwongoladzanja chake n'chochepa ndipo nthawi yobweza ndi yaitali, komabe ndi ngongole. Nthawi zambiri pa ngongole zotere, kampani yogwira ntchitoyo imakhala ya ku China, ndipo makina ndi akatswiri amachokera komweko. Choncho gawo lalikulu la ndalamazo limabwerera kwawo ntchito isanathe, ife n'kutsala ndi nyumba komanso ngongole.

Inu amene muli m'mabanki a m'khonde mukudziwa kusiyana kwa mayi amene wakongola kuti akaode tomato ndi amene wakongola kuti agule yunifolomu ya pa ukwati. Msewu wa ku Chitipa uli ngati wa tomato uja: chimanga, khofi ndi nyemba zimafika ku msika, mayi woyembekezera amafika msanga ku chipatala. Koma bwalo la mpira lingabweze bwanji ndalama zake? Zikalephera kutuluka pakhomo la bwalolo, zimachoka m'thumba la boma, thumba lomwelo logulira mankhwala ndi kulipira anamwino ndi aphunzitsi.

Anansi athu a ku Zambia adazilawa. Mu November 2020 boma lawo lidalephera kulipira ngongole zakunja, ndipo pa maboma onse amene adawakongoza, China ndiyo idali ndi gawo lalikulu. Kukambirana kuti awapepukitsire kudatenga zaka zoposa zitatu. Kunena chilungamo, ngongole yaikulu ya Malawi si ya ku China ayi. Boma lathu lakongola zambiri ku mabanki a konkuno ndi ku mabungwe monga World Bank. Wokongoza aliyense ali ndi chimene amafuna, ndipo wosaina pepala ndi nduna yathu yomwe.

Achikulire pakati panu mukukumbukira mmene Mpingo udalimbikira m'Chaka Choyera cha 2000 kuti maiko osauka akhululukidwe ngongole, ndipo Malawi adakhululukidwa gawo lalikulu mu 2006. Zaka makumi awiri zisanakwane, Papa Francis adayenera kupemphanso zomwezo m'Chaka Choyera cha 2025. Malamulo a dziko lino amafuna kuti ngongole zikuluzikulu za boma zidutse ku Nyumba ya Malamulo. Tsono phungu wa dera lanu akadzabwera ku parishi kudzanyadira ntchito yatsopano, muli nawo ufulu womufunsa ngati ndi mphatso kapena ngongole, idzabwezedwa kwa zaka zingati, ndiponso ndi anyamata ndi atsikana angati a m'deralo amene adzalembedwe ntchito.