Chotupa cha galu si chindoko

Sabata yatha, pamene ndinapita ku chipatala china cha ziweto mumzinda wa Lilongwe kukabayitsa galu wanga katemera wa chiwewe, ndinaona pangodya galu wamkazi wotoledwa mumsewu, nthiti zili poyera, atadzipinda pa chiguduli, ndipo kumaliseche kwake kunali chotupa chofiira, chonga kolifulawa, chikukha magazi pang'onopang'ono. Mayi womusamalira anandiuza kuti agalu a mphere, angakhale otsimphina, amapeza owatenga; koma uyu, anthu amafika, nasuzumira, nabwerera ali kunena kuti, "Ameneyu ali ndi chindoko, angatipatsire ana."

Mawu amenewa ndawamva kawirikawiri, ena nawonjezera kuti galu wotere anachita kulodzedwa, ndipo ndatopa nawo. Pakuti safunsa anadya phula, ndipo pano phulalo alikudya ndi galu wosalakwa. Nthendayi si chindoko, si chinzonono, ndipo silowa m'thupi la munthu. Madokotala a ziweto amaitcha TVT, ndiyo khansa. Koma ndi khansa ya mtundu wodabwitsa, imene ndiyenera kuifotokoza mofatsa.

Khansa imene tonse tiidziwa imabadwa m'maselo a mwini thupi, ndipo mwiniyo akatsikira kuli chete, nayonso imafa. Iyi siitero ayi. Agalu akamakwerana, kapena wina akanyambita ndi kununkhiza pachotupa, maselo amoyo a chotupacho amayoyoka, namera pa mnzake monga momwe phesi la chinangwa limerera m'munda wa mwini wina. Kotero kuti chimene chiyenda pakati pa agalu si kachilombo, koma khansa yeniyeniyo. Umboni wake ngwakuti maselo a galu ali ndi ma chromosome (timitolo tosunga chibadwa) 78, pamene a chotupachi ali nawo pafupifupi 59, kusonyeza kuti ndi mlendo m'thupimo. M'chaka cha 1876, dokotala wa ziweto wa ku Russia, Novinsky, anaonetsa kuti chotupachi chikhoza kusamutsidwa kuchokera kwa galu wina kunka kwa wina. Ndipo m'masiku athu ano Elizabeth Murchison ndi anzake a ku yunivesite ya Cambridge, atasanthula zotupa za m'maiko ambiri, anapeza kuti zonsezo ndi mbumba ya maselo a galu mmodzi amene anafa zaka zikwi zingapo zapitazo. Galuyo anaola kalekale, koma maselo ake akali moyo m'makwalala a Kawale ndi Ndirande.

Chomvetsa chisoni nchakuti mwa khansa zonse za agalu, iyi ili m'gulu la zochizika msanga. Mankhwala ake ndi vincristine, wobayidwa mumtsempha kamodzi pa sabata, kawirikawiri kwa masabata 4 mpaka 6, ndipo agalu ambiri amachira kotheratu. Mankhwalawa anachokera ku kaduwa ka ku Madagascar, kapinki kapena koyera, kamene ambiri tinabzala pakhonde. Koma wina asathamangire kuphika masamba ake, chifukwa ndi poizoni, ndipo jakisoniyo akaphonya mtsempha amawotcha mnofu. Imeneyi ndi ntchito ya dokotala yekha.

Chimene dokotala alibe ndicho mpanda. Galu wodwala ayenera kukhala payekha masabata onsewo, kuti asakwerane ndi anzake, ndipo malo osungirako agalu otoledwa sakhala ndi zipinda zokwanira aliyense. Apa ndipo pafunika banja lolera kwa kanthawi: lomupatsa chakudya ndi madzi, lomuchotsa nkhupakupa, lomutengera ku jakisoni tsiku lake, losadabwa akasanza kapena akakana kudya. Akachira, natsekedwa kuti asaberekenso, ndi pamene amene akufuna kumutenga kwamuyaya amamuona ali wonona, mchira uli m'mwamba.

Tinaphunzira tili ana za Lazaro amene anagona pa chipata cha mwini chuma, agalu namunyambita zilonda. Lero wa zilonda ndi galuyo, ndipo chipata nchathu. Inu amene muli ndi bwalo lotchinga, kafunseni ku bungwe losamalira ziweto la LSPCA ku Lilongwe, kapena kwa dokotala wa ziweto wa m'dera lanu, ngati pali galu wosowa pogona. Akupemphani masabata 6 okha.