Alezi a Ana pa Msasa wa Chiarabu ku America

Kwa ife anthu a m'malire, mawu oti msasa sakoma m'khutu. Akuluakulu amakumbukira zaka za nkhondo, pamene midzi yathunthu inawolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu kufikira mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Koma kuli maiko ena kumene makolo amachita kulipira ndalama kuti ana awo apite ku msasa, ndipo anawo amapita akudumphadumpha. Sabata ino, awerengi athu, tiyeni tikaone msasa wina wotere mumzinda wa Philadelphia ku America, makamaka anthu amene amagwira ntchito yolera ndi kuphunzitsa ana kumeneko.

Nkhani yake ili motere. Ku America sukulu zimatsekera mu Juni ndipo sizitsegulira kufikira kumapeto kwa Ogasiti kapena kuchiyambi kwa Seputembala. Nthawi imene ife kuno timakhala tikuotha moto ndi chisanu cha ku Angónia, kumeneko kumakhala kotentha, ndipo ana amakhala pa tchuthi masabata oposa khumi. Kulibe mbuzi zoti akadyetse, agogo ali kutali, bambo ndi mayi onse ali pa ntchito. Tsono mabungwe amakonza misasa kumene ana amasonkhana kwa sabata imodzi, ziwiri kapena kuposerapo. Ina ndi ya masewera, ina ndi ya mipingo, ina ndi yophunzitsa zilankhulo. Ina ana amagona komweko, pamene ina amapita m'mawa ndi kubwerera kwawo madzulo.

M'chaka cha 2002, Mayi Hazami Sayed, katswiri wojambula mapulani a nyumba, anayambitsa msasa wophunzitsa ana chilankhulo, nyimbo ndi luso la Aluya. Anautcha Al-Bustan, kutanthauza munda wa mitengo ndi maluwa m'Chiarabu, ndipo unayambiradi m'munda, pa Morris Arboretum, malo osungirako mitengo a University of Pennsylvania. Pa msasa umenewu ndi pamene panamera bungwe la Al-Bustan Seeds of Culture, limene pambuyo pake linayamba kuphunzitsanso m'sukulu za mumzindamo ndi kukonza madansi ndi zoimbaimba za akuluakulu.

Taonani chakacho bwino. Pa 11 Seputembala 2001 zigawenga zinagwetsa nyumba ziwiri zazitali ku New York ndi ndege, ndipo anthu pafupifupi 3,000 anafa tsiku limenelo. Zitadziwika kuti zigawengazo zinali zochokera ku maiko a Aluya, mkwiyo unagwera ndi osalakwa omwe. Apolisi a FBI analemba milandu 28 yochitira nkhanza Asilamu chifukwa cha chidani m'chaka cha 2000, koma mu 2001 inafika 481. Mwana wa dzina la Chiarabu ankatha kuchita manyazi ndi dzina lake lomwe, ndi chakudya chimene mayi ake amulongedzera, ndi chilankhulo cha agogo ake. Kutsegula msasa wa Chiarabu patangopita miyezi yowerengeka kunali kulimba mtima, ndipo zitseko zake zinatsegukira mwana aliyense, Mluya ndi wosakhala Mluya yemwe.

Pano pafunika kuwongola chinthu chimodzi. Ambiri kuno tikamva za Chiarabu timaganiza za madrasa ndi mzikiti. Msasa uwu si sukulu ya chipembedzo ayi. Aluya oyamba kufika ku America ambirimbiri, kuyambira cha m'ma 1880, anali ochokera ku Lebanon ndi Syria, ndipo ochuluka mwa iwo anali Akhristu. Mpaka lero pakati pa Aluya pali Asilamu, Akhristu ndi ena. Chowalumikiza ndi lilime, nyimbo ndi mphika, ndipo zimenezo ndizo aphunzitsi a pa msasa amagwirapo.

Woyamba amene ana amamukonda ndi mphunzitsi wa ng'oma. Nanga mwana wotani amene sakonda ng'oma? Mmodzi mwa amene anagwira ntchito imeneyi kwa zaka zambiri ku Al-Bustan ndi Bambo Hafez Kotain, amene anabadwira ku Venezuela ndi kukulira ku Syria, motero manja awo amadziwa kaimbidwe ka Aluya ndi ka ku Latin America komwe. Ng'oma yake imatchedwa tabla kapena darbuka: ndi yaing'ono, yopyapyala m'chiuno ngati mtondo, ndipo woimba amaigoneka pa ntchafu. Kaphunzitsidwe kake n'kosangalatsa, chifukwa kamayambira pakamwa. Ukamenya pakati pa chikopa, liwu lolemeralo amalitcha dum. Ukamenya m'mphepete ndi nsonga za zala, liwu lakuthwalo ndi tak. Mwana amayamba watchula mawu awiriwa mobwerezabwereza, kenako kuwomba m'manja, ndipo ng'oma amaigwira pomalizira. Kaimbidwe kalikonse kali ndi dzina lake, monga maqsum, baladi ndi saidi. Amene anaphunzirapo ng'oma kwa akulu a m'mudzi sangadabwe nazo: nafenso timayamba kuiimba ndi pakamwa tisanaikhudze.

Ntchito yovutirapo ndi ya mphunzitsi wa nyimbo. Bambo Hanna Khoury, woimba vayolini wochokera ku Tarshiha m'chigawo cha Galilee, anakhalapo mkulu woyang'anira zoimbaimba ku Al-Bustan, ndipo mu 2010 analandira mphoto ya Pew Fellowship, imene imaperekedwa kwa akatswiri a luso a ku Philadelphia. Bambo Kotain nawo anailandira mu 2013, chaka chimodzi ndi Bambo Kinan Abou-afach a ku Damascus, wopeka nyimbo ndi woimba cello, vayolini wamkulu uja amaimba atamuimika pansi. Chondichititsa chidwi ine n'chakuti anthu a mbiri yotere, ozolowera kuimba m'nyumba zikuluzikulu za zisudzo, anavomera kupatula nthawi yawo kuphunzitsa ana. Sikuti ndi onse odziwa kuimba amene amadziwa kuphunzitsa, ndipo si onse odziwa kuphunzitsa amene ali ndi chipiriro cha pa mwana.

Vuto la mphunzitsi ameneyu lili m'khutu la mwanayo. Nyimbo za Aluya zimayenda pa njira zotchedwa maqam, ndipo zina mwa njirazi, monga rast ndi bayati, zili ndi mawu amene sapezeka pa piyano, ogwera pakati pa mabatani awiri oyandikana. Mwana wokulira ku America akawamva koyamba amayesa woimbayo waphonya. Pamafunika masiku kuti khutu lake livomere kuti palibe cholakwa. N'chifukwa chake zoimbira zawo zambiri zilibe malire oikika. Oud ndi wonga gitala wa mimba yaikulu ngati chipanda, koma pakhosi pake palibe timizere tachitsulo, chala chimangotsetsereka. Nay ndi chitoliro cha bango. Qanun ndi thabwa la zingwe zambirimbiri loika pa miyendo, titi m'bale wake wa bangwe koma wamkulu. Pali riq, kang'oma ka m'manja kokhala ndi tizitsulo tolira. Zoimbira zimenezi pamodzi ndi vayolini zikakumana, gululo amalitcha takht.

Palibe mphunzitsi wa nyimbo zimenezi amene angathe tchuthi chonse osatchula Umm Kulthum wa ku Egypt. Mayi ameneyu anakula ndi wailesi: kwa zaka zambiri ankaimba Lachinayi loyamba la mwezi, ndipo mabanja kuyambira ku Cairo kufikira ku maiko oyandikana ankazungulira wailesi usiku umenewo. Nyimbo imodzi inkatha kutenga ola lathunthu. Atamwalira mu Febuluwale 1975, misewu ya Cairo inadzaza ndi anthu mamiliyoni operekeza maliro. Tsono ganizirani mphunzitsi amene ayenera kukhazika pansi mwana wozolowera nyimbo ya mphindi zitatu pa foni kuti amvere zimenezo.

Mphunzitsi wa chilankhulo naye ali ndi mtolo wake. Chiarabu chili ndi zilembo 28, chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo zilembo zambiri zimasintha maonekedwe malinga ndi pamene zaima, kaya ndi poyamba, pakati kapena pomaliza pa liwu. Koma chovuta kwambiri si zilembo. M'chipinda chimodzi mumatha kukhala mwana amene kwawo amalankhula Chiarabu cha ku Morocco, wina cha ku Iraq, wina cha ku Sudan, wina wongomva koma osatha kuyankha, ndi wina amene sanamvepo liwu ndi limodzi lomwe. Maiko a mu Arab League alipo 22, ndipo kalankhulidwe ka kumapeto uku n'kosiyana kwambiri ndi ka kumapeto uko. Pamwamba pa zonsezi pali fusha, Chiarabu cha m'mabuku ndi cha nkhani za pa wailesi, chimene palibe mayi amalankhula pophika. Mphunzitsi akamangowongola mwana pa liwu lililonse limene anaphunzira kwa agogo ake, mwanayo amatseka pakamwa, ndipo mwina sadzatsegulanso. Makolo a kuno amene ana awo anakulira ku Johannesburg kapena ku Harare, n'kubwera akulankhula Chichewa chopotoka, akudziwa mmene kuseka kumodzi kumatsekera mwana pakamwa.

Zilembo zomwezo zimasanduka zojambula m'manja mwa mphunzitsi wa luso. Iye amasema bango, kulidula nsonga mopendekeka, kuliviika mu inki, ndipo mzere umanenepa kapena kuonda malinga ndi mmene dzanja lapendekera. Cholembera chimenechi ndi qalam, ndipo kalembedwe kali ndi mitundu yake monga naskh, thuluth ndi kufi. Mwana akalemba dzina lake m'njira imeneyi amapita nalo kunyumba ngati wanyamula dzira. Bungwe la UNESCO linaika luso limeneli m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2021, chaka chomwecho ndi tatreez, nsalu zopetedwa ndi amayi a ku Palestine. Ndi kaundula yemweyo mmene muli Gule Wamkulu.

Koma msasa suyenda ndi akatswiri okha. Pali anyamata ndi atsikana, ambiri a iwo ophunzira a m'makoleji, amene amalembedwa ntchito ya masabata ochepa ngati alezi. Iwowa ndiwo amawerenga ana m'mawa ndi madzulo, kuwamwetsa madzi dzuwa likaswa mtengo, kuleretsa okangana, kutonthoza wolira, ndi kudziwa mwana amene thupi lake limadana ndi mtedza, pakuti kumeneko alipo ana oti akadya mtedza amatha kubanika mpaka kufa. Maina awo samveka, malipiro awo ndi ochepa, komabe kholo likamafunsa mwana madzulo kuti tsiku layenda bwanji, dzina limene limatuluka kawirikawiri ndi la mlezi.

Ife timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo m'mudzi aliyense amadziwa khalidwe la mnzake. Mumzinda waukulu sizili choncho, tsono lamulo limalowa m'malo mwa maso a mudzi. M'chigawo cha Pennsylvania, mmene muli Philadelphia, malamulo oteteza ana anakhwimitsidwa mu 2014. Wogwira ntchito ndi ana amayenera kukhala ndi zikalata zitatu: cha apolisi a m'chigawomo chosonyeza ngati anapalamulapo mlandu, cha ofesi yoona za ana chosonyeza ngati anazunzapo mwana, ndi cha FBI chimene amapereka ataunika zidindo za zala zake. Zikalatazi zimakonzedwanso pakatha zaka zisanu zilizonse. Komanso wantchitoyo akakayikira kuti mwana akuzunzidwa, lamulo limamukakamiza kukanena. Ngakhale woimba wotchuka chotani sadumpha mpanda umenewu, ndipo ine ndikuona kuti n'zoyenera.

Msasa wa Al-Bustan si wokhawo. Ku Minnesota, bungwe la Concordia Language Villages, limene linayamba ndi msasa wa Chijeremani mu 1961, linatsegula mudzi wa Chiarabu mu 2006 ndi kuutcha Al-Waha, kutanthauza kasupe wa m'chipululu. Mwambo wa midzi ya Concordia ndi wakuti mwana amagona komweko, ndipo pofika amaonetsa pasipoti yongoyerekeza, kusintha ndalama ndi kusankha dzina latsopano la m'chilankhulocho, ngati akuwoloka pa Calómuè kapena pa Zóbuè. Alezi amamulankhula m'chilankhulo chomwe wabwera kudzaphunzira kuyambira podzuka kufikira pogona, ndipo akapanda kumva amamufotokozera ndi manja ndi nkhope.

Wina afunsa kuti zonsezi zikutikhudza pati ife olima mbatata ndi chimanga. Pisani m'thumba. Dzina la metical, ndalama imene tinayamba kugwiritsa ntchito pa 16 Juni 1980, linachokera ku liwu la Chiarabu loti mithqal, muyezo wa golide wa amalonda a m'mbali mwa nyanja ya mchere. Mawu a Chipwitikizi monga açúcar, arroz, aldeia ndi alfândega nawo ndi ochokera ku Chiarabu, ndipo mzikiti ndi shehe anatifika kudzera m'Chiswahili. Gule wa tufo wa amayi a ku Ilha de Moçambique dzina lake limachokera ku duff, ng'oma ya m'manja ya Aluya. Si zonse zinali zokoma, pakuti njira zomwezo zinadutsa akapolo, monga mbiri ya Jumbe wa ku Nkhotakota imachitira umboni, ndipo mphunzitsi wachilungamo sabisa zimenezo kwa ana okulirapo.

Misasa yotere kawirikawiri imatsekera ndi chionetsero cha makolo. Zojambula zimapachikidwa pa khoma, oimba ng'oma amakhala pamzere, ndipo aphunzitsi amabwerera kumbuyo kuti ana aonekere. Pomalizira pamabwera dabke, gule wa pa ukwati wa ku Lebanon, Syria, Palestine ndi Jordan. Ovina amagwirana manja pamzere, kusuntha cha kumanja ndi kuponda pansi mwamphamvu ndi phazi lamanzere, pamene wotsogolera, amene amamutcha lawweeh, amazunguza kansalu kapena mikanda m'mwamba. Mzerewo ulibe chiwerengero: kholo lofuna kulowa limangogwira dzanja la womalizira.